Madengu a Khirisimasi amene anandisiya m'ngongole

Ine ndimakhala ku Nottingham, ku England, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa chifukwa cha manyazi, koma ndikuona ana athu amene angofika kumene akulowera komwe ndinalowera ine, ndiye ndati ndiinene.

Kuno Novembala akangolowa munthu supuma ndi otsatsa malonda. Pafoni iwo, pa wailesi ya kanema iwo, m'basi momwe iwo. Chimene chinandikola ine mu 2021 ndi madengu a zakudya, aja eni dziko amati hamper. Ndi mwambo wawo wakale ndithu. Sitolo ya Fortnum & Mason ya ku Piccadilly mu London, imene inatsegulidwa mu 1707, inatchuka ndi madengu omwewa. Umangoitanitsa pa intaneti, kulemba keyala ya mnzako, kulipira, basi dengu likamupeza pakhomo. Ku sitolo imeneyo thumba langa silikanafikako, choncho ndinapeza kampani ina yotsikirapo mtengo, yolola kuti utenge lero, uzilipira pang'onopang'ono. Ndinaitanitsa usiku ndili pantchito, agogo anga onse atagona. Ndinaona chithunzi chokha. Mndandanda wa zam'kati sindinauwerenge n'komwe.

Dengu loyamba linapita kwa mayi amene anandilandira nditangofika kuno, tingoti Anachisale. Anandisunga m'nyumba mwawo osandilipiritsa, ndipo jekete yanga yoyamba ya nyengo yozizira inali yawo. Anandiimbira foni kuthokoza: "Zikomo mwana wanga, Ambuye akudalitse." Ine mtima m'malo. Mu Januwale nditapita kukawaona, ndinapeza dengu lija akusungiramo anyezi. Nditafunsa ngati zinthu zinawakomera, anayamba kuzungulira, kenako anaulula. Munali mwendo wa nkhumba ndi botolo la vinyo, ndipo iwo ndi a Seventh-day Adventist, chinthu chimene ndinkachidziwa bwino lomwe, poti Loweruka lililonse ndinkawaona akupita kutchalitchi. Nyama ndi vinyo anapereka kwa mzungu woyandikana naye nyumba. Za tchizi ananditsitsira mawu ngati akundiuza za maliro: "Chija chinaonongekera m'njira, mwana wanga. Chinachita nkhungu mpaka m'kati, fungo lake osanena. Ndinataya, koma usadandaule." Chinali Stilton, tchizi chimene amachinyadira kuno, chopangidwa m'madera atatu okha, Derbyshire, Leicestershire ndi kwathu kuno ku Nottinghamshire. Nkhungu imeneyo amaikamo dala. M'dengu lonse chodula kwambiri chinali chomwecho.

Lachiwiri, lofanana ndi loyambalo, ndinatumiza kwa achimwene ena a ku Mangochi amene ankandinyamula pa galimoto yawo ndikamaweruka basi zitasiya kuyenda. Iwowo ndi Msilamu. Anaimba akuseka: "Achemwali, kodi ndinakulakwirani chiyani?" Ndinaseka nawo, koma nditadula foni ndinakhala pansi.

Lachitatu linali la mnzanga wa kusukulu amene amakhala ku Dublin. Kampaniyo inakana kutumiza ku Ireland, ine n'kudziona wochenjera: ndinalandira ndekha, ndinamanganso, n'kukaponya ku positi. Sindinadzifunse chifukwa chimene anakanira. Kuyambira mu Januwale 2021, Britain itatuluka mu European Union, munthu saloledwa kutumiza nyama kapena za mkaka kuchokera kuno kupita ku mayiko a m'bungwelo. Katunduyo sanafike, ndipo ndinalibe poyambira kudandaula.

Koma zonsezi n'zazing'ono. Mu Januwale wotsatira Khirisimasi ija amayi anaimba kuchokera ku Dedza kuti chimanga chafika m'mawondo, pakufunika feteleza wobereketsa. Nthawi yomweyo ana a malemu achimwene anga ankatsegulira sukulu. Malipiro anga anali atalowa, a madengu aja n'kudulapo zawo ndisanazione, lendi n'kutenga zotsala. Ndinanamiza amayi anga kuti kuntchito achedwa kutilipira. Urea anathira mochedwa, wochepa, wochita kubwereka. Chaka chimenecho nkhokwe sinadzaze, ndipo ngongole ya tchizi chimene chinatayidwa kudzala ndinamaliza kulipira Pasaka atadutsa.

Ndikadanena kuti chinali chikondi ndinganame pamaso pa Mulungu. Ndinkafuna anthu aja aone kuti mtsikana amene anafika ndi kachikwama kamodzi tsopano wakhazikika, amadziwa za achizungu. N'chifukwa chake sindinafunse aliyense chimene amadya. Ndinkagulira maso awo.

Chaka chotsatira msuweni wanga akubwera kuchokera kumudzi ndinamupempha kuti anditengere usipa, tsabola wa Nali, tiyi wa ku Thyolo ndi khofi wa ku Mzuzu. Malamulo a kuno amalola munthu kulowa ndi nsomba zouma mpaka makilogalamu 20, koma nyama ndi za mkaka zochokera kwathu ayi. Ndinagawa m'timapepala wamba. Anachisale atatsegula anangonunkhiza, n'kulunjika kukhitchini kukatereka madzi a nsima, jekete ili m'thupi. Achimwene a ku Mangochi anati usipawo ndi wa kwawo, akuuzindikira, ngakhale ine ndikukayika.

Sindikuti madengu aja ndi oipa. Pali mayi wina wachingelezi amene timagwira naye ntchito, yemwe Stilton amamukonda zedi, ndipo chaka chilichonse ndimamuitanitsira kabokosi kakang'ono ka tchizi ndi mabisiketi, kolipiriratu, kumayambiriro kwa Disembala ma positi asanadzaze. Iyeyo amadya mpaka nyenyeswa.

Inu amene mwayamba kale kuyang'ana zithunzi za madengu pafoni, imbirani kaye mnzanuyo mumufunse chimene amadya ndi chimene chipembedzo chake chimaletsa. Werengani mndandanda wa zam'kati mpaka pansi. Ngati katundu akuwoloka malire, funsani malamulo musanalipire. Ndipo ndalama ya feteleza ndi ya fizi tumizani kumudzi musanagule mphatso ya wina aliyense.