Dzina la nambala 23

Ntchito yolemba maina adandipatsa ine. Akuti poti ndagwira choko zaka zoposa makumi atatu, palibe wodziwa kaundula kuposa ine. Ndidavomera uku ndikumwetulira, osadziwa kuti pa ntchito zonse za ulendo wathu wa ku Zomba, yolemera ndi yomweyi.

Nkhani yake ili motere, awerengi. Kagulu kathu ka anthu omwe tidalowa pa Chancellor College m'chaka cha 1979 ndi kutuluka mu 1983 kapangana zokakumananso konko mwezi wa Okutobala. Ganizoli lidabadwira pamaliro. Mnzathu wina atatisiya ku Mzuzu, tidapezeka asanu pasiwa, tonse imvi mbuu, kumafunsana kuti kodi iwe si uje? Mayi wina wa ku Dedza, yemwe kukoleji tinkamutcha Nduna kaamba ka liwu lake lolamula, ndiye adaswa nkhani.

"Kodi abale, tizingoonana pakagwa zovuta basi? Tsiku lina padzatsala mmodzi, adzacheza ndi yani?"

Palibe adayankha, koma pobalalika aliyense adali atasenza kake. Wina msungichuma, wina woona za malo ogona, wina za chakudya. Ine maina.

Vuto loyamba lidali tsiku. Anzathu a ku Blantyre ankati Loweruka lililonse ndi labwino, ndipo sadalakwe: iwo akadya phala ku Limbe, amafika ku Zomba m'mimba mukadali motentha. Ine ndimakhala ku Usisya, m'boma la Nkhata Bay, mapiri kumsana, nyanja kumaso. Njira zotulukira kuno ndi ziwiri. Ina ndi msewu wokwera phiri wopita ku Mzuzu, womwe mvula ikagwa ngakhale madalaivala ozolowera amayamba apemphera. Ina ndi Ilala, sitima yomwe idayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, ine ndisanabadwe. Imadutsa pano kawiri pa sabata, kamodzi ikupita ku Chilumba, kamodzi ikubwerera ku Monkey Bay. Imaima pakuya, maboti ndiwo amadzatitenga pamchenga, matumba a usipa pamutu, thalauzi lopindira m'maondo. Ukaiphonya udikira sabata yamawa. Ndipo kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mwera ukakwiya, nkhalamba ngati ine sikwera boti.

Nditafotokoza zimenezi pafoni, mkulu wina yemwe adapuma ntchito ali bwana m'boma adaseka.

"Aise, ndiye anthu tonsefe tiziyendera sitima ya munthu mmodzi?"

Zidandibaya, koma Nduna sadandipatse mpata woyankha. "Eya, tiyendera yomweyo. Wakutali ndiye amatchula tsiku. Inu mudzangoliza galimoto basi." Ndi m'mene Okutobala adapambanira: mwera watha, mvula isanayambe. Ndidzakwera Ilala mpaka ku Monkey Bay, kenako minibasi kudzera ku Mangochi ndi ku Liwonde, njira yomwe ndidadzera mu 1979 ndili ndi waranti ya boma m'thumba ndi sutikesi yamalata pamutu.

Vuto lachiwiri lidali ndalama. Madigiri tidalandira ofanana, koma moyo sudatigawire mofanana. Ena ali ndi ana ku Johannesburg ndi ku London. Enafe timadalira penshoni, yomwe kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 idasanduka ya mchere ndi sopo. Wina atanena kuti tikagone pamwamba pa phiri, ku hotela ya Ku Chawe, foni zidangoti zii. Mukudziwa inu, munthu wophunzira umphawi amaubisa ngati nthenda yamanyazi. Msungichuma adaliona khalidwe limeneli, ndipo adakhazikitsa lamulo lomwe ndikulangiza aliyense wokonza ulendo wa gulu: munthu atumize zomwe angathe, ndipo buku la ndalama asalione wina kupatula iye ndi Nduna. Tikagona malo wamba m'tauni. Ku Chawe tikangomwako tiyi.

Vuto lachitatu lidali loti tikaona chiyani. Apa mpomwe ndidazindikira kuti aliyense ali ndi Zomba wakewake. Wa mbiri yakale akufuna Zomba yemwe adali likulu la dziko kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka 1975: nyumba yakale ya malamulo, komwe aphungu ankakumanabe mpaka 1994, nyumba yosunga zolemba zakale za boma, ndi chipilala cha asilikali a KAR. Wa sayansi akufuna munda wa mitengo wa m'mbali mwa Mulunguzi. Amene maondo akadawalola akufuna phiri: dzenje la Chingwe, ndi Emperor's View, malo omwe adatenga dzina mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia itafikapo. Tonse tikufuna Chirunga. Koleji idasamukira pamenepo mu 1973 kuchoka ku Chichiri, komwe idayambira mu 1965, choncho ife tidaipeza ikadali yatsopano. Dzina loti Chancellor College lidatha mu 2021, tsopano ndi University of Malawi, koma pakamwa pathu ndi Chanco mpaka kumanda.

Ndiye wina adati tikafikenso ku Mikuyu, kundende komwe mlakatuli Jack Mapanje adakhala kuyambira 1987, atamugwira pa Gymkhana Club, mpaka 1991 osaimbidwa mlandu. Apa padabuka mkangano. "Tikupita kukasangalala ife, osati kukadzutsa mizimu," adatero bwana uja. Ine sindidalankhule, koma ndidakumbuka Meyi wa 1983. Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adali ku nyumba ya malamulo ku Zomba komweko, ndipo mitembo yawo idakapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma lidati ndi ngozi ya galimoto. Ife tidamva, tidayang'anana, tidabwerera kukawerengera mayeso. Pa maphunziro onse omwe tidatenga ku Chirunga, lomwe tidakhoza bwino kwambiri lidali kukhala chete. Za Mikuyu tagwirizana kuti ofuna adzapita, osafuna adzatsala pamsika.

Zonsezi zidatheka. Chidakanika ndi changa.

Ndidagula kope pagolosale ndi kuyamba kulemba. Maina adakwana 41. Khumi ndi atatu ndidawalemba mtanda kutsogolo, ambiri a iwo adapita m'zaka za m'ma 1990 ndi nthenda ija tinkaopa kuitchula dzina. Otsalawo ndinkawaimbira mmodzimmodzi, nditakwera pakamtunda ka kuseri kwa nyumba pomwe foni imagwira bwino. Ndidaimbira wa nambala 22. Kenako wa nambala 24.

Wa nambala 23 adali mesho wanga, ndiye kuti mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Mnyamata wa ku Mulanje. Zaka zinayi bulangete tinkabwerekana. Iye adandiphunzitsa kudya kalongonda, ine ndinkamubweretsera usipa tikatsegulira. Tchuthi china adabwera kuno pa Ilala, adasanza njira yonse, ndipo mayi anga adamuphikira kondowole nkumamutcha mwana wawo wachiwiri. Pa ukwati wanga ndiye adaima pambali panga. Titamaliza adatitumiza sukulu imodzi ya sekondale m'chigawo cha kummwera, ndipo patapita zaka iye adakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Ndidamugulira mowa ndine.

Kenako chidafika chaka cha 1989. Kamuzu adalamula kuti aphunzitsi azikaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ati ife a kumpoto tinkaphunzitsa ana a ena mwachinyengo dala. Kalata yanga adabwera nayo mesho. Adaiika patebulo osandiyang'ana, nkunditchula dzina la bambo anga monga amachitira ndi munthu wachilendo.

"Lole ibwera Lachinayi. Makiyi a nyumba mudzasiye ku ofesi."

Mudzasiye! Munthu yemwe chidziwireni tinkangoti iwe ndi iwe. Lachinayi lole itafika, ana asukulu adatithandiza kukweza katundu, ena akulira. Makatani a nyumba ya mesho adali otseka, njinga yake ili pakhonde. Mkazi wanga ndi wa ku Chiradzulu ndipo adali mphunzitsi wa pulayimale. Adayenera kusankha ntchito kapena banja. Adasankha banja, ndipo choko sadachigwirenso. Lamulolo lidatha, zipani zambiri zidabwera, ine ndidaphunzitsa kumpoto mpaka kupuma ndi kubwerera kumudzi. Koma ine ndi mesho sitidalankhulanenso.

Usiku wina mayi a kunyumba adatenga kope lija pofuna pepala lolembapo za kumpingo. Mphunzitsi ndi mphunzitsi basi, adayamba kuchonga.

"Abambo, apa mwadumpha."

"Nambala yake ndilibe."

"Bodza. Nduna anakutumizirani sabata yatha, ndinamva ndi makutu angawa."

Ndidati munthu ameneyo adatitaya. Ndidati ngati pali woyenera kumukana ndi iwo, poti ndiwo adaluza zambiri. Adakhala chete kanthawi, akusenda chinangwa cha mawa.

"Ntchito ndinaluza ine, inde. Ndiye mkwiyo wake mukundisungira ndinu? Ndinakutumani? Komanso tandiuzani, ikanakhala kalata yake, inu wachiwiri kwa ahedi, ana atatu m'nyumba, a Payoniya ali pa tauni pomwepo, mukanaing'amba?"

"Kung'amba ayi. Koma kutsanzika ndikanatsanzika."

"Kaya. Mu 1983 munatsanzika ndani?"

Sindidagone. Zaka zonsezi nkhani imeneyi ndakhala ndikuifotokoza ndili ine wolakwiridwa, ndipo wolakwiridwa ndidalidi. Koma kulimba mtima komwe ndinkafuna kwa mesho, ine sindidayesedwepo. Adandipatsa kaundula wa gulu, ine ndidayamba kuugwiritsa ntchito ngati bwalo la milandu, woweruza ine ndemwe, mboni ine ndemwe. Ndidakuwa kuti wakutali amveredwe pa nkhani ya tsiku, pomwe wakutali kwenikweni pagululi ndinkamusiya dala.

M'mawa, asodzi akuwolotsa mabwato, ndidakwera pakamtunda paja. Foni idaitana kasanu. Adayankha mtsikana, mdzukulu, nkuti dikirani, agogo amachedwa kuyenda. Ndidamva ndodo ikugogoda pasimenti.

"Halo? Ndani?"

Ndidatchula dzina langa. Padali zii wautali moti ndidayang'ana foni kuona ngati yaduka.

"Mesho?" Mawu ake adali olemera, ngati lilime lakula. "Mesho, ndiwe?"

Adandiuza kuti adadwala sitiroko zaka ziwiri zapitazo, mkono wamanzere sugwira. Mkazi wake adamwalira. Adafunsa za mayi anga, ndidamuuza kuti tidaika kalekale. Adalira. Ndidamuuza za Okutobala. Adati ulendo wa paminibasi sangauthe, ndipo ndalama alibe. Ndidati ndalama si nkhani, buku lake saona munthu. Za galimoto ndidati ndiona.

Za 1989 sadatchule. Ine sindidafunse. Kaya adzapepesa, kaya ayi, kaya m'mutu mwake nkhaniyi ili mwina, tikaonera konko. Sindikunamizani kuti mtima wanga wayera. Pena ndikakumbuka makatani aja, chifuwa chimatentha ngati ndi dzulo. Akuluakulu adati mlandu suola. Koma eni mlandu amaola, ndipo ife tatsala 28.

Tisanadule adati, "Mesho, usipa uja ukadalipo?"

"Wachepa masiku ano, koma ulipo."

"Udzabwere nawo pang'ono. Wa kuno ndi wamchenga."

Madzulo omwewo ndidaimbira bwana uja woseka sitima yanga, poti ndiye ali ndi galimoto yabwino ndipo amakhala ku Limbe. Ndidamupempha kuti adzayambe wapita ku Mulanje kukatenga nambala 23. Adang'ung'udza za mtengo wa mafuta, kenako adati chabwino, koma iwe udzandigulire nsomba.

Tsono ngati mudzakhale pa Ilala mwezi wa Okutobala, mukadzaona nkhalamba ikukwera pa Usisya itakumbatira kope ndi madengu awiri, musadzakhalire madenguwo. Lina ndi la bwana. Lina ndi la mesho, ndipo usipa wake mayi a kunyumba akuti adzasankha okha ndi kuyanika okha pathandala, kuti pasadzapezeke mchenga ndi kamodzi komwe.