Chiperoni Adandipeza Ndili Ndekha

Mu Ogasiti 2024, sukulu itangotsekera, Abambo otiphunzitsa Jogalafe adatitenga ife anyamata 12 a kalabu ya zachilengedwe kupita nafe ku phiri la Mulanje. Tidanyamuka ku Zomba m'bandakucha pa lole, titapakira matenti, mabulangete, ufa, usipa ndi mapoto. Tidadzera ku Limbe, Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza. Uku ndi uku kudali minda ya tiyi yobiriwira, ndipo phiri lidayamba kuoneka patali ngati mtambo wakuda. Pa Chitakale tidakhota kulowera ku Likhubula, komwe tidamanga matenti tsiku loyambalo.

Madzulo, tikuotha moto, mkulu wotiperekeza adatilangiza. Adati nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 ndipo palibe ina yoiposa m'Malawi muno, koma ife tikathera pa Chambe. Adaonjeza kuti: "Ana anga, m'phiri muno sayenda yekha munthu. Chiperoni akabwera, ngakhale dzanja lako sulionanso."

Kunena zoona, mau amenewa adangondilowa khutu ili ndi kutulukira linali. Ine ndidali wa Fomu 4, katswiri wothamanga pa seminale yonse. Ndidali wokwiya chifukwa Abambo adandipatsa kamnyamata ka Fomu 1 kuti ndizikayang'anira. Kadali kochepa thupi, ndipo kamapumira pafupi-pafupi.

M'mawa titachita Misa tidayamba kukwera. M'njira tidaona zipsera zofiira m'mapiri, momwe mudagumuka nthaka ndi miyala pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mkulu uja adatiuzanso za napolo amene adapha anthu ambiri ku Phalombe mu 1991. Chakumtunda adationetsa zitsa za mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali, koma ikulu-ikulu idatha ndi macheka. Anzanga adaima kuona mbande zobzalidwa kumene. Ine ndidaona kuti akundichedwetsa. Ndidamusiya mwana uja atakhala pamwala, n'kuliyatsa liwiro kuti ndikayambe ndine kufika.

Sipadapite ola, nkhungu idatsika pamodzi ndi mvula yowaza ndi mphepo yozizira. Njira idandisokonekera pathanthwe. Ndidakuwa koma mau anga adangondibwerera. Juzi ndidali nditaisiya m'chikwama chimene ndidasenzetsa mnzanga. Ndidakhala pansi mano akugundana, ndipo Korona imene ndidapemphera pamenepo sindidaipempherepo chotero m'tchalitchi.

Patapita nthawi ndidamva wezulo ikulira chakumunsi. Ndidayankha, ndipo mkulu wotiperekeza adatulukira. Pambuyo pake padali mwana wa Fomu 1 uja, wezulo ili kukamwa. Ndiye yekha adaona kumene ndidalowera, ndipo adakana kutsala. Adavula juzi yake nandipatsa osanena kanthu.

Usiku umenewo pa Chambe ndidadikira chilango. Abambo sadakalipe ai. Titadya nsima adandiitana pambali nati: "Mwana wanga, ndidakupatsa nkhosa imodzi yokha. Kodi tsiku lina Ambuye Episkopi akadzakupatsa parishi, okalamba ndi odwala amene sangathamange nawe udzawasiya pamwala uti?" Ndidasowa choyankha. Ndidapita ku tenti kukapepesa mwana uja, koma ndidampeza atagona kale, atafunda bulangete lake lokha chifukwa juzi idali idakali pathupi panga. Ndidamfunditsa langa.

M'mawa kudayera, ndipo khoma lalikulu la mwala wa Chambe lidaoneka lonse ndi dzuwa. Potsika ndidasenza zikwama ziwiri, ndipo ndidali wotsiriza kufika pa lole ku Likhubula.

Anzanga amene mudzapite ku Mulanje, tengani juzi, mverani wokuperekezani, ndipo musasiyane. Akulu adati kuthamanga sikufika. Ine mwambi umenewu ndidaulemba bwino pa mayeso a Chichewa, koma adandiphunzitsa tanthauzo lake ndi mwana wa Fomu 1.