Za Tinjira ta Pakhomo pa Dothi la Makande

Ife okhala kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mua ndi ku Mtakataka, sitisowa misewu yotchuka. Msewu waukulu wochokera ku Salima kunka ku Balaka upita pakati pathu. Wina utsika mokhotakhota kuchokera ku Masasa, umene anthu autcha Khwekhwerere. Winanso upatuka kunka ku Monkey Bay. Ndipo njanji idafika kuno kale, pamene idalumikiza Blantyre ndi Salima m'chaka cha 1935. Koma njira imene munthu aiponda kawirikawiri koposa m'moyo wake wonse si imodzi ya izi ayi. Ndi kanjira kaja ka mapazi makumi awiri kapena atatu, kochokera pakhonde kunka kukhitchini, kubafa, kuchimbudzi ndi kunkhokwe. Za kanjira kameneka tifuna kukamba ndi owerenga athu mwezi uno, pakuti ndiko kagwetsa nkhalamba m'dzinja, ndiponso ndiko kadya ndalama za anthu ambiri pachabe.

Tiyambe ndi dothi, popeza ndilo mwini nkhani. Kufupi ndi mapiri tili ndi katondo wosakanizika ndi timiyala, ndipo kufupi ndi nyanja kuli mchenga. Koma m'chigwa cha Bwanje ndi m'madambo onse muli makande, dothi lakuda lolemera lija. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa litakula, makande ang'ambika ming'alu yoti chikhatho chilowa chonse, mwina mwanapiye n'kugweramo. Mvula ikagwa masiku owerengeka, ming'alu ija itsekeka, dothi lifufuma, ndipo likakamira nsapato mpaka kuivula. Chifukwa chake n'chakuti tizidutswa ta dothi limeneli tili ngati timasamba topyapyala tosanjikizana. Madzi akalowa pakati pake tikankhana, ndipo akachoka tibwererana. Motero pansi pathu pakwera ndi kutsika chaka ndi chaka monga chifuwa cha munthu wopuma. Sitiyenera kulinyoza dothi ili, pakuti kusunga madzi kwakeko ndiko kubereketsa mpunga wa ku Bwanje. Akuluakulu adanena kuti walira mvula walira matope. Ifenso tidya za makande, tiyenera kuphunzira kukhala nawo.

Ena adzati, Kodi kanjira ka pakhomo ndi nkhani yoyenera kulembedwa? Taganizani za agogo amene adzuka pakati pa usiku m'mwezi wa Januwale, mvula ili kuwaza, ndipo pakati pa chitseko ndi chimbudzi pali thope loterera. Akagwa n'kuthyoka m'chiuno, kawirikawiri munthu wa msinkhu umenewo sayendanso bwino. Taganizani za mayi wonyamula mphika wa madzi otentha kuchokera kukhitchini, mwana ali kumbuyo. Ndipo pali china chimene tichita nacho manyazi kunena: chimbudzi chomangidwa bwino sichithandiza ngati njira yake ili yoopsa, pakuti ana ndi okalamba angokhala kuseri kwa nyumba, ndipo mvula itenga zonsezo kunka nazo kuchitsime. Tonse tikumbukira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino. Ukhondo wa pamudzi uyenda pa tinjira timeneti.

Anthu ambiri akapeza ndalama athamangira simenti. Tidaona mnansi wathu wina, munthu wakhama, amene atagulitsa mpunga wake adagula matumba a simenti, napala udzu pabwalo, nathira konkire yopyapyala pamwamba pa makande penipeni, kuchokera pakhonde kufikira kukhitchini, yonse chimodzimodzi yopanda polekeza. Idakongola ndithu, ndipo odutsa ankaima kuiyamikira. Pofika dzinja lachiwiri idali itasweka ngati phale, mbali ina itatukuka, ina italowa pansi, ndipo m'ming'alu mudamera udzu. Iye adanena kuti simenti ya masiku ano ndi yachabe. Koma mlandu sudali wa simenti. Dothi la m'mphepete mwa konkire linyowa msanga ndi kuuma msanga, pamene la pakati, lobisika kudzuwa ndi kumvula, lisintha pang'onopang'ono; choncho m'mphepete mukwera ndi kutsika, pakati pali chikhalire, ndipo chinthu chouma chosapindika chiyenera kuthyoka basi.

Mphunzitsi wabwino wa ntchito iyi tili naye pafupi, ndiye njanji ija. Taonani m'mene idamangidwira podutsa m'zigwa: zitsulo sizikhudza dothi la m'dambo, zigona pa miyala yoswa, miyalayo ili pa mtumbira wokwezedwa, ndipo pansi pa mtumbirawo adasiya mipata yoti madzi adutse. Nzeru imeneyi ndi yakale. John Loudon McAdam, munthu wa ku Scotland amene adakhala ndi moyo kuyambira 1756 kufikira 1836, adaphunzitsa omanga misewu a kwawo kuti chimene chisenza katundu yense ndi dothi la pansi lomwelo, malinga likhale louma, ndi kuti ntchito ya miyala ya pamwamba ndiyo kulitchinjiriza kumadzi ndi kukuperepeseka. Chimene chili choona pa msewu wa magalimoto chili choonanso pa kanjira ka kuchimbudzi.

Chifukwa chake ntchito iyamba ndi maso, khasu libwera pambuyo. Mvula yaikulu ikamagwa, imani pakhonde muone kumene madzi a padenga agwera, kumene athamangira ndi pamene aima. Madzi saiwala khwawa. Mukawatsekera njira yawo, adzaikumba pansi pa yanu. Kanjira kasadutse pamene madzi a malata agwera, ndipo ngati kapingasa njira ya madzi, pasiyidwe mpata wovundikira ndi mwala waphanthi. Kumbali ya kumtunda kukumbidwe ngalande yosazama yotaya madziwo kutali ndi nyumba ndi dzenje la chimbudzi.

Mukatero, mangani chingwe, muyese m'lifupi mwake mita imodzi, kuti munthu wogwiriziza wodwala athe kuyenda pambali pake. Chotsani dothi la pamwamba ndi mizu yonse kuzama kwa masentimita 15 kapena 20, ndiko kunena pafupifupi chikhatho chotambasula. Amene angathe kupeza laimu, monga wa kumapiri a Chenkumbi ku Balaka, asakanize pang'ono ndi makande a pansi pa dzenjelo, pakuti laimu achepetsa kufufuma kwa dothi lotere; koma asunge manja ndi maso, chifukwa awotcha. Tsono thiranimo dothi la timiyala la kufupi ndi mapiri, kapena zidutswa za njerwa zoswaswa, pang'onopang'ono: kuthira zala zinayi, kuwaza madzi pang'ono, kusinja ndi chipika cholemera mpaka phazi lisasiye chizindikiro, kenaka kuthiranso. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene aulesi athawa, popeza palibe mlendo adzapaona. Kanjira kathe kali pamwamba pa bwalo ndi zala zitatu kapena zinayi, kopendekera mbali imodzi masentimita 2 pa mita iliyonse, kuti dontho lililonse litsetsereke.

Pamwamba pake ife tikonda zinthu zing'onozing'ono zoyalidwa pamchenga koposa konkire imodzi yaitali. Yalani mchenga wa kumtsinje kuchindikala kwa zala ziwiri, ndipo pamenepo ikani miyala yaphanthi, kapena njerwa, kapena timabuloko ta simenti, mothithikana, ndi kusesera mchenga wouma m'mipata yake. M'mphepete monse muikidwe mzere wa njerwa kapena miyala yozikidwa choimirira, kuti za pakati zisamwazike. Ubwino wake ndi uwu: dothi likakwera, njerwa zikwera nalo, likatsika, zitsika nalo, monga mphasa itsata pansi pamene yayalidwa. Ndipo pena pakalowa, mwana wa sukulu atha kuzula njerwa khumi, kuwonjeza mchenga, ndi kuzibwezera madzulo amodzi, osagula kanthu.

Njerwa yake ikhale yopsa bwino, yolira ngati chitsulo poigogoda. Yosapsa isungunuka dzinja limodzi. Kuti njerwa yabwino ikhalitsa, aliyense atha kuona panyumba zakale za ku Mua, kumene a White Fathers adayamba ntchito yawo m'chaka cha 1902. Komabe sitinena kuti munthu aotche uvuni watsopano chifukwa cha kanjira. Nkhuni zootchera njerwa zatha mitengo yambiri, ndipo phiri likakhala lopanda mitengo madzi ake atsikira kwa ife ndi ukali. Nkhalango ya Mua-Livulezi ndiyo denga la chigwa chathu. M'chaka cha 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zake ndi pa nyumba zazikulu za malonda. Pakhomo pathu zidutswa za njerwa za nyumba yakugwa, ndi miyala imene tiitaya polima, zikwanira.

Amene mtima wawo uli pa konkire ndithu, asaleke maziko aja, ndipo asunge zinthu izi. Kuchindikala kwake kukhale masentimita 8 kapena 10. Muyeso wake ukhale ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala ya kwale, ndi madzi ongokwanira, osati phala la mwana. Aidule zigawozigawo, mita imodzi ndi theka chilichonse, kuti ikafuna kung'ambika ing'ambikire m'malire amene mwini waikonzera. Athire m'mamawa dzuwa lisanakwere, navundikire ndi udzu kapena masaka, ndi kuthirira masiku 7 osadumphitsa. Ambiri ayesa kuti simenti ilimba chifukwa cha kuuma. Koma ilimba pomwa madzi, ndipo dzuwa la kuno likaiumitsa tsiku loyamba, pamwamba pake pafumbutuka ngati ufa.

Nyengo nayo isankhidwe. Womanga mu Okutobala amanga pa dothi lokhwinyata, limene lidzafufuma lonse mvula ikadza. Womanga mu Febuluwale amanga pa dothi lotupa, limene lidzaphwa. Miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi ndiyo yabwino: makande ali pakatikati, kunja kuli kozizira, madzi akadalipo m'zitsime, ndipo zokolola zalowa. Kumbukiraninso kutentha. Mwala wakuda pa dzuwa la masana uwotcha mapazi a mwana, choncho wotuwa ndiwo woyenera. Mthunzi ndi wabwino, koma mtengo waludzu monga bulugamu ukhale kutali, pakuti mizu yake imwa madzi a m'makande mbali imodzi, kanjira n'kupendama.

Tisayembekeze tsiku limene tidzakhale ndi ndalama za bwalo lonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chaka chino tiyambe ndi njira ya kuchimbudzi, chaka chamawa ya kukhitchini. Ndipo mabanja atatu kapena anayi akabwerekana wilibala ndi kuthandizana kututa miyala, pakhomo pamodzi patha m'masiku ochepa. Amayi athu amene azira nyumba ndi mtsiro adziwa kale kuti chomangidwa padothi chifuna dzanja chaka chilichonse. Chomwechonso kanjira: mvula isanayambe tifukule ngalande, tizule udzu, tiwonjeze mchenga pamene pachepa.

Tsono, abale, mwezi uno dzuwa likapepa, tengani chingwe muyese mapazi amene ali pakati pa chitseko cha agogo ndi chimbudzi chawo. Mudzapeza kuti ndi owerengeka, ndi kuti miyala yake ili kale m'munda mwanu.