Mtima ndi Mitsempha Yake

Ife okhala mu Livingstone timatchula dzina la David Livingstone tsiku ndi tsiku, koma ndi owerengeka amene amakumbukira kuti munthuyo ali ndi manda awiri. Atamwalira kwa Mfumu Chitambo pa 1 May 1873, otsatira ake, Susi ndi Chuma, anachotsa mtima wake naukwirira patsinde pa mtengo wa mpundu. Mtembo anauumitsa ndi mchere padzuwa, nausenza kufikira ku Bagamoyo, kumene Abambo a Mzimu Woyera anaulandira, ndipo unakagonekedwa ku Westminster Abbey mu April 1874. Timakonda kunena kuti mtima wake unatsala kwathu. Nanga mtimawo, umene iye monga dotolo ankaudziwa bwino, ife timaudziwa?

Mtima ndi mnofu wolimba, waukulu ngati nkhonya ya mwini wake. Uli ndi zipinda 4, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi. Mbali ya kumanja imalandira magazi amene atha ntchito m'thupi ndi kuwatumiza ku mapapu kuti akatenge mpweya wabwino. Kuchokera kumeneko amabwerera ku mbali ya kumanzere, imene khoma lake ndi lochindikala koposa, popeza ndiyo iyenera kuwakankha kuti afike ku ubongo ndi ku zala za kumapazi. Panjira yonseyi pali timazitseko totsegukira mbali imodzi yokha, kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Kugunda kumene namwino amamva akaika chida chake pachifuwa ndiko kutsekeka kwa timazitseko timeneti. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndiye kuti pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Kuti magazi amazungulira chotere, William Harvey wa ku England ndiye anakulongosola m'buku lake la 1628.

Chinyanja chathu chimatisokoneza pang'ono, pakuti liwu limodzi loti mtsempha timalitchulira zinthu zingapo. Pali mitsempha yochotsa magazi ku mtima, ndi ina yowabwezera. Yochotsayo ndi yamphamvu ndiponso yotanuka. Gwirani pamkono pafupi ndi chala chachikulu ndipo muimva ikudumpha. Waukulu mwa yonse, umene madotolo amautcha aorta, umatuluka ku chipinda chakumanzere n'kugawikana nthambi, nthambizo n'kugawikananso mpaka kuchepa koposa tsitsi. Chimene chimatidabwitsa ife ndi ichi: mtima, ngakhale umakhala wodzaza magazi, chakudya chake umachilandira kudzera m'timitsempha take take toyanga pamwamba pake. Kamodzi mwa ito kakatsekeka ndi mafuta oundana, mbali ina ya mnofuwo imafa, ndipo munthu amagwa atagwira pachifuwa.

Ife akatekisiti timaitanidwa ku maliro ambiri, ndipo mawu akuti "anangogwa" tawamva mobwerezabwereza ku Maramba, ku Dambwa ndi ku Libuyu. Kaŵirikaŵiri usiku usanathe, achibale amakhala atapeza kale womuloza chala. Izi zimatiŵaŵa. Kuthamanga kwa magazi, kumene tonse timangoti BP, kumawononga mitsempha mwakachetechete kwa zaka zambiri, mwini wake akudya ndi kuseka bwinobwino. Mtsempha wa mu ubongo ukaphulika kapena kutsekeka, ndiyo sitiroko, yomwe imapha ziwalo kapena munthu yemwe. Sisankha wosauka: Pulezidenti Levy Mwanawasa inamugwira ali ku msonkhano ku Egypt mu June 2008, namwalira ku Paris pa 19 August chaka chomwecho.

Kupimitsa BP pa kiliniki kumatenga mphindi zochepa. Muyeso wabwino uli pafupi ndi 120/80. Ukamafika 140/90 nthaŵi ndi nthaŵi, mverani zimene a chipatala akuuzani. Tikupempha makamaka abambo, amene amapita kuchipatala pokhapokha atanyamulidwa. Ndipo amene munapatsidwa mapilisi, musaleke poti mutu wasiya kuŵaŵa, chifukwa mankhwalawo amangogwira BP, saichotsa.

Fodya amawononga mitsempha, moŵa wambiri umakweza BP. Za mchere, bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuphatikizapo umene uli kale mu buledi ndi mu kapenta wouma amayi asanathire wawo mumphika.