Kalata Yanga Yoyamba ndi Mawu Aakulu a Chingerezi

M'chaka cha 1969, ndili mnyamata wongotsiriza kumene Sitandade 8, amayi anga anandilola kugulitsa mtedza wa m'munda mwawo, ndipo ndi ndalamazo ndinagula buku lotanthauzira mawu a Chingerezi, limene timalitcha dikishonale. Linali buku lakale long'ambika chikuto, koma ine ndinalinyamula monga mayi anyamulira khanda. Chaka cha m'mbuyo mwake, cha 1968, Chichewa chinali chitasankhidwa kukhala chinenero cha fuko lonse la Malawi, komabe munthu wofuna ntchito ya ukalaliki anayenera kulemba kalata yake m'Chingerezi. Tsono ine ndinaganiza kuti munthu wodziwa mawu aatali ndiye adzalembedwe ntchito msanga.

Ndinadziikira lamulo lakuti ndiziloweza mawu khumi tsiku lililonse. Madzulo ndinali kukhala pafupi ndi koloboyi, ndi kumatchula mawuwo mobwerezabwereza kufikira mafuta atatha. Ndinayambira pa chilembo A, koma posakhalitsa ndinatopa ndi mawu aafupi, ndipo ndinayamba kudumphadumpha m'bukumo kufunafuna mawu aatali okhaokha, amene anzanga sakanatha ngakhale kuwatchula. Anyamata a m'mudzi anali kundiopa, ndipo kunena zoona ine zinali kundikomera.

Tsiku lina ndinamva kuti pa sitolo ina yaikulu pa boma pakufunika kalaliki. Ndinakhala masiku atatu ndikulemba kalata. Ndinafuna kunena kuti ndine munthu wodziwika bwino kumudzi kwathu, koma liwu lakuti famous ndinaliona ngati laling'ono, la ana a sukulu. Pofufuza ndinapeza liwu lakuti notorious. Tanthauzo lake linayamba ndi mawu onena za kudziwika ndi anthu ambiri, ndipo ine chifukwa cha chimwemwe sindinawerenge mpaka kumapeto kwa mzerewo. Ndinalemba kuti ine ndine notorious m'mudzi mwathu ndi m'midzi yonse yozungulira.

Anandiitana. Ndinavala malaya a achimwene anga ndi kuyenda ulendo wa maora anayi. Mkulu wa pamalopo anatenga kalata yanga, naiwerenga mokweza pamaso pa anyamata ena asanu amene anadzafunanso ntchitoyo, ndipo atafika pa liwu lija anaima, nandiyang'ana, nati, "Mnyamata iwe, kodi kwanuko unaba chiyani?" Onse anaseka. Ine sindinadziwe chimene anali kusekera, koteronso ndinaseka nawo, ndipo kusekako ndiko kumandipweteka mtima mpaka lero. Liwu lakuti notorious limanena munthu wotchuka ndi zoipa, monga mbala kapena chigawenga. Ntchito sindinaipeze.

Potuluka, bambo wina wachikulire amene anali kalaliki pamalopo ananditsatira mpaka pansi pa mtengo wa mango. Iwo sanaseke. Anati, "Mwana wanga, liwu lili ngati munthu. Kumva dzina la munthu sikumdziwa ayi. Uyenera kuona kumene amakhala, ntchito imene amagwira, ndi anthu amene amayenda nawo." Anandilangiza kuti ndigule kope, ndipo pamene ndakumana ndi liwu lachilendo m'nyuzipepala kapena m'buku, ndisalembe liwu lokhalo, koma chiganizo chonse mmene ndalipezamo. Ndikalipezanso kwina, ndilembe chiganizo chachiwiri pansi pa choyamba chija. Anati ndisaligwiritse ntchito m'kalata kufikira nditalipeza katatu.

Njira imeneyi inali yochedwa, ndipo poyamba inandinyansa. Koma patapita zaka, nditalowa ntchito ya uphunzitsi, ndinazindikira chifukwa chake Chingerezi chili ndi misampha yotere. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa dziko la England, ndipo kwa zaka zambiri mafumu ndi akuluakulu a dzikolo anali kulankhula Chifalansa, pamene anthu wamba anali kulankhula Chingerezi chawo chakale. Woweta ng'ombe anali kuitcha cow, koma nyama yake ikafika pa tebulo la bwana inali kutchedwa beef, liwu lochokera ku Chifalansa. Chimodzimodzi nkhosa ndi sheep koma nyama yake ndi mutton, nkhumba ndi pig koma nyama yake ndi pork. Pambuyo pake anthu ophunzira anatenganso mawu ambiri ku Chilatini ndi ku Chigiriki. Nchifukwa chake chinthu chimodzi chimakhala ndi mawu awiri kapena atatu, koma mawuwo salemera mofanana. Ask ndi kufunsa kwa masiku onse; interrogate ndi kufunsa kwa wapolisi pamene wagwira munthu womganizira mlandu. Mwana amene alemba kuti anachita interrogate amayi ake za ndiwo zamadzulo, wawasandutsa amayi akewo akaidi.

Tisadabwe nazo, pakuti nafenso tinabwereka. Nsapato, mbatata ndi kalata ndi mawu amene anadza ndi Apwitikizi, ndege inadza ndi Chiswahili, ndipo sukulu ndi buku tinatenga ku Chingerezi.

Chinthu chachiwiri chimene ndinaphunzira nchakuti mawu ali ndi mabanja. Ife tikadziwa kuphunzira, sitivutika ndi kuphunzitsa, mphunzitsi, wophunzira ndi maphunziro, chifukwa tsinde lake ndi limodzi. Chingerezinso chili chotero, kungoti masinde ake ambiri ndi a Chilatini. Tsinde lakuti port limanena kunyamula. Tsono porter ndi wonyamula katundu, transport ndi kunyamula zinthu kuchoka kwina kupita kwina, export ndi kutumiza katundu kunja kwa dziko monga timachitira ndi fodya ndi tiyi, import ndi kulowetsa katundu m'dziko monga mafuta a galimoto. Ndikaphunzitsa ana tsinde limodzi lotere, anali kupita kwawo ndi mawu anayi kapena asanu, ndipo mawa lake anali akuwakumbukirabe.

Akatswiri ena anawerengetsa ndithu mawu amene wophunzira ayenera kuyamba nawo. Michael West, Mngerezi amene anagwira ntchito ya maphunziro ku Bengal, anasindikiza m'chaka cha 1953 mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 amene amapezeka kawirikawiri, ndipo mawu amenewa ndiwo amadzaza gawo lalikulu la tsamba lililonse la Chingerezi. M'chaka cha 2000, Averil Coxhead wa ku New Zealand anasonkhanitsa mabanja a mawu 570 amene amabwera kawirikawiri m'mabuku a maphunziro apamwamba, monga analyse, method ndi significant. Ndikayang'ana mawu amenewa ndimachita manyazi pang'ono, pakuti ambiri mwa iwo ndi mawu amene ine ndinali kuwadumpha usiku uja pa koloboyi. Ndipo ana ambiri amene ndinawaona akulephera mayeso sanalephere chifukwa cha mawu aatali, koma chifukwa funso linati compare, ndiko kuti uyerekeze zinthu ziwiri ndi kuonetsa kufanana ndi kusiyana kwake, iwo nangofotokoza chinthu chimodzi chokha ngati kuti funso linati describe.

Inu anzanga amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale, mwina mudzati, "Ife Chingerezi sitichidziwa, nanga ana athu tingawathandize bwanji?" Mungathe ndithu. Mwana akabwera ndi liwu latsopano, mumuuze kuti akufotokozereni m'Chichewa, ndipo mumfunse kuti, "Kodi liwu limeneli amalinena ndani? Amalinenera munthu wabwino kapena woipa? Kodi ungalinene kwa apongozi?" Akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti liwulo sanalidziwebe, wangomva dzina lake. Mafunso otere safuna satifiketi. Amayi anga sanapiteko kusukulu, koma ndikadawawerengera kalata ija ndi kuwamasulira mzere uliwonse, ndikhulupirira kuti akadandiuza kuti nditsegulenso bukulo.

Tsopano ndinapuma pa ntchito, ndipo ndikukhala ndi mdzukulu wanga wamkazi amene ali mu Fomu 4. Iye akudziwa bwino kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena onse, ndipo mantha amenewa amamsowetsa tulo. Mwezi wathawu ndinamupeza pakhonde akukopera m'kope mawu zana limodzi amene mnzake anamtumizira pa foni, liwu lililonse ndi tanthauzo lake la liwu limodzi pambali. Ndinavala magalasi anga ndi kutsata mndandandawo ndi chala. Chapakatikati ndinakumana ndi mnzanga wakale uja, notorious, ndipo pambali pake mwanayo anali atalemba kuti "wotchuka".

Ndinati, "Iwe, tandiuza, kodi agogo ako ndi notorious?"

Anayankha mwaulemu kuti, "Inde agogo, pakuti anthu onse kuno amakudziwani."

Ndinamuuza kuti akoke mpando akhale pafupi, ndipo ndinamsimbira za malaya a achimwene anga, za ulendo wa maora anayi, ndi za funso la mkulu uja. Anaseka mpaka misozi, monga anasekera anyamata asanu aja, koma ulendo uno ine ndinali kudziwa chimene tinali kusekera. Atatha kuseka anafufuta tanthauzo lija, nalemba chiganizo chonse chonena za mbala ya mbuzi imene inasautsa mudzi wathu chaka chatha. Kenaka anawerenga mawu amene anatsala, napeza kuti alipo 99, nandifunsa kuti mawa tidzayambire pa liti.