Moto wa mapesi m'miyendo

Anzanga ophunzitsa Biology, mutu wa respiration mumauyambira pati? Ine ndimauyambira pabwalo la mpira. Ana ambiri okonzekera MSCE amaloweza bwinobwino kuti glucose akasweka popanda oxygen pamatuluka lactic acid ndi mphamvu. Koma afunseni chifukwa chake munthu sangathamange liwiro la mtondo wadooka kwa mphindi zisanu, kalasi yonse imangoti zii.

Ndiye ndimapempha ana anayi odzipereka kuti azungulire bwalo kamodzi ndi mphamvu zawo zonse. Wodwala mphumu kapena wobwera ndi njala sindimulola. Enawo amagwira wotchi n'kumaonerera. Poyamba liwiro limakhala la dzaoneni, koma cha kumapeto miyendo imalemera, ndipo akafika amangogwira m'mawondo, wefuwefu. Apa m'pamene ndimatulutsa choko.

Minofu imayendera ATP. Imene ilipo kale, pamodzi ndi phosphocreatine, imatha m'masekondi pafupifupi 10. Kenako ntchito yaikulu imagwera glycolysis. Shuga amene minofu inasunga monga glycogen, nsima ya dzulo ija, amaswedwa mofulumira mu cytoplasm osadikira oxygen. Glucose mmodzi amapereka ATP 2 zokha, pomwe akapserezedwa ndi oxygen mu mitochondria amapereka pafupifupi 30.

Ndimawauza kuti glycolysis ndi moto wa mapesi: suchedwa kulilima, suchedwanso kuzilala. Njira ya oxygen ndi makala, ochedwa kukolera koma ophika nyemba mpaka kupsa. Wayde van Niekerk atathamanga mamita 400 m'masekondi 43.03 ku Rio mu 2016, ankadalira kwambiri mapesi. Wa marathon amadalira makala.

Pali mfundo ina imene ndimalimbana nayo chaka ndi chaka. Ana amabwera atamva kale kuti miyendo ikamaphwanya mawa lake ndiye kuti lactic acid wakhazikika m'minofu. Ayi ndithu. Lactate amachoka m'magazi pakatha pafupifupi ola limodzi. Wina mtima umamugwiritsa ntchito ngati nkhuni, wina chiwindi chimamusandutsanso glucose. Njira ya kuchiwindiyi anaifotokoza ndi Carl ndi Gerty Cori, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1947. Kuphwanya kwa mawa lake kumabwera chifukwa cha timabala ting'onoting'ono ta m'minofu, makamaka kwa munthu wosazolowera.

Mwina muti bola ana akhoze mayeso, zinazo n'zotaya nthawi. Komatu mwa ana amenewa mudzatuluka anamwino, makochi a timu za m'mudzi ndi aphunzitsi anzathu. Bodza limene tingawasiyire lero adzaliphunzitsa ena kwa zaka makumi atatu.

Pasukulu pathu labotale ilibe zida zokwanira, koma bwalo lilipo ndipo mwana aliyense anabwera ndi miyendo yake. Phunziro lonseli limangofuna wotchi ndi mphindi 40. Kayeseni, anzanga.