Zenera lobwereka

Ndimagwirira ntchito pa kathebulo ka pakona m'nyumba ya lendi ku Santry, kumpoto kwa mzinda wa Dublin, komwe phokoso la ndege za pa Dublin Airport tinalizolowera ngati kulira kwa atambala. Ndimakonza masamba a pa intaneti a timagazini ting'onoting'ono, mipingo ndi magulu a masewera. Olemba akamanditumizira nkhani, kumapeto amangowonjezera kuti, "Muikeponso kanema uja." Kwa iwo imeneyo ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Kanema amene mumaonera pakati pa nkhani sakhala pa tsambalo ayi. Amakhala kwa eni ake, ku YouTube kapena ku Vimeo, ife timangoboola khoma n'kuikapo zenera loti muzisuzumirapo. Zeneralo dzina lake ndi iframe. Ukadina Share kenako Embed, YouTube imakupatsa kamzere ka code kokhala ndi miyeso yake kale, 560 m'lifupi, 315 msinkhu. Wongoyamba kumene amangomata kamzereko n'kukagona. Pa kompyuta zimaoneka bwino ndithu, koma pa foni zenera limasefukira, theka la nkhope ya munthu n'kubisika. Kale tinkalikulunga m'bokosi la 56.25 peresenti, ndiye kuti 9 kugawa ndi 16, kuti lizifupika ndi kutambasuka mogwirizana ndi foni. Lero mzere umodzi wa aspect-ratio umakwanira.

Chimene chinasintha kagwiridwe kanga ka ntchito si buku kapena sukulu, koma achemwali anga a ku Dedza. Ndinali nditakonza tsamba la kwaya ina, makanema asanu pa nkhani imodzi, ndipo ndinawatumizira monyadira. Yankho linabwera madzulo pa WhatsApp: "Achimwene, tsamba lanuli ladya bandulo yanga ngati chiswe, chikhalirecho sindinaonere ngakhale nyimbo imodzi." Anali kunena zoona. Iframe iliyonse imayamba kukoka katundu wake tsamba likangotseguka, munthu asanadine paliponse. Kuno intaneti ya m'nyumba timalipira pamwezi, sitimva kupweteka. Iwo amagula bandulo ya TNM ndi ndalama imene akanagulira ndiwo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimaika chithunzi chopepuka chokhala ndi kachizindikiro kodinapo, kanema weniweni n'kumabwera pokhapokha munthu wamuitana. Kanema wodziyambira yekha ndimakana, ngakhale kasitomala achonderere. Ndisanapereke ntchito ndimaiyesa pa foni yakale yosweka galasi imene ndimasunga m'dilowa, nditachepetsa dala mphamvu ya netiweki mu Chrome kuti ifanane ndi ya kumudzi. Tsamba likachedwa pamenepo, ndiye kuti sindinamalize.

Palinso lamulo. Chiyambire lamulo la GDPR pa 25 Meyi 2018, nkhani ya zinsinsi za owerenga ku Ulaya kuno siseweretsedwa, ndipo bungwe loyang'anira, Data Protection Commission, lili mu Dublin momwemuno. Zenera lija limaona mbali zonse: inu mukamasuzumira kanema, eni ake aja nawonso amakuonani. N'chifukwa chake ndimagwiritsa ntchito adiresi ya youtube-nocookie.com, ndipo kanema satseguka mpaka wowerenga atavomera.

Ntchito imene ndinaikonda kwambiri inali nkhani ya Morton Stadium, bwalo lothamangirapo limene ndimadutsa popita kokayenda ku Santry Demesne. Pa 6 Ogasiti 1958, pa bwaloli, Herb Elliott wa ku Australia anathamanga mtunda wa mailosi imodzi pa 3:54.5, liwiro limene dziko linali lisanalionepo, ndipo anthu asanu pa mpikisano womwewo anamaliza mphindi zinayi zisanakwane. Kanema amene tinapeza anali wautali, wofotokoza zambiri za bwaloli. Ndinamuonera kambirimbiri ndi pensulo m'manja, kufuna sekondi yeniyeni imene othamanga akuonekera, n'kuilemba pa start kumapeto kwa adiresi, kuti wowerenga akamaliza ndime yonena za mpikisanowo, kanema ayambire pomwepo. Ndinasunthanso zeneralo katatu, chifukwa kanema akakhala pamwamba penipeni anthu samawerenganso nkhani.

Patapita miyezi ingapo ndinatsegula tsambalo n'kupeza bokosi lakuda. Amene anakweza kanemayo anali atamuchotsa, ndipo unali ufulu wake. Chobwereka sichikhalitsa m'nyumba. Chinandiwawa n'choti ndime yotsatira inkanena kuti "monga mwaonera pamwambapa," pamwambapo palibe kanthu.

Tsopano pansi pa kanema aliyense ndimalemba mizere iwiri yofotokoza zimene zilimo, yothandizanso wosaona, wosamva ndi amene bandulo yamuthera. Ndili ndi kope lofiira momwe ndimalemba tsamba lililonse ndi makanema ake. Loweruka loyamba la mwezi ndimafulula tiyi, n'kutsegula kopelo, n'kuyamba kudina limodzi ndi limodzi. Mwezi wathawu ndinapeza mazenera awiri akuda, onse pa tsamba la kwaya lija.